Uvuni wa mayikulowevu wa m'kabati: kagwiritsidwe ndi kasamalidwe kake

Ntchito yanga ndi yoika zipangizo zamagetsi m'makhitchini, ndipo pali foni imodzi imene ndaiyankha kambirimbiri moti ndimaidziwa munthu asanamalize n'komwe moni: "Bambo, uvuni mudatiikira uja ukuthetheka moto mkati, kodi ndiye kuti wapsa?" Nthawi zambiri sunapse. Ndikafika ndimapeza kuti chavuta ndi mafuta a nkhuku ya sabata yatha, kapena mbale yolakwika. Choncho ndaganiza zolemba zonse pamodzi, kuti amene ali ndi uvuni wotere, kaya ku Area 47, ku Namiwawa, ku Chipata kapena m'nyumba ya lendi ku Leicester, awerenge asanandiimbire ine kapena mnzanga wina wa ntchitoyi.

Ndikunena za uvuni uja womangidwira m'kabati ya m'khitchini, amene pa batani lake pamalembedwa microwave, grill, convection ndi combination. Chinthu chimodzi muchigwire kuyambira pano: m'bokosi limeneli muli makina awiri osiyana. Woyamba ndi mayikulowevu. Kachipangizo kotchedwa magnetron kamatulutsa mafunde a 2.45 GHz amene amagwedeza madzi a m'chakudya mpaka chitenthe, koma mpweya wa mkatimo sutentha. Wachiwiri ndi uvuni weniweni, wokhala ndi waya wotentha ndi fani kumbuyo imene imazunguza mpweya wamoto. Ameneyu ndiye convection, ndipo grill, waya wotentha wa kudenga wootcha chakudya kuchokera pamwamba, ali mbali yomweyi. Chimene chili chabwino kwa mmodzi chimatha kukhala choopsa kwa mnzake, ndipo mavuto ambiri amene ndimaitanidwira amachokera pomwepa.

1. Yambani ndi magetsi ndi malo ake

Tsegulani chitseko muyang'ane kachikwangwani kamene kamakhala m'mphepete kapena kumbuyo. Pazikhala 220 mpaka 240 V ndi 50 Hz, chifukwa ndiwo magetsi a ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain. Ngati m'bale wanu wakutumizirani wochokera ku America, umakhala wa 120 V, ndipo wa ku Japan ndi wa 100 V. Umenewo musaulumikize ngakhale kamphindi kongoyesa.

Werenganinso mawati. Uvuni wotere ukayatsa zonse pamodzi umatha kuyandikira mawati 3000. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13 A, ndipo malire ake ndi omwewo. Ndiye uvuni ukhale ndi soketi yakeyake. Musaugawanitse ndi ketulo kapena firiji pa ekisitenshoni, chifukwa waya amatentha kuseri kwa kabati kumene simukuona. Mitundu ina imafuna waya wake wa 16 A wochokera ku bokosi la magetsi, ndipo imeneyo ailumikize ndi munthu wodziwa. Waya wa ethi, uja woteteza kuti magetsi asakugwireni, akhale wolumikizidwadi. Popeza magetsi kwathu kuno amazima n'kubwera ndi mphamvu, ikaniponso kachipangizo koteteza kamene kamadikira kaye magetsi akabwera. Koma kakhale kolingana ndi mawati a uvuni, osati kaja ka firiji kongotola. Ngati nyumba ikuyendera sola ndi inveta yaing'ono, convection musaiyatse.

Za malo: ambiri mwa mauvuniwa amafuna mpata wa masentimita pafupifupi 60 m'lifupi ndi 45 msinkhu, ena ndi afupi kuposa apo. Buku lake limanena mpata woti utsale kumbuyo kuti mpweya uzidutsa. Akalipentala athu amakonda ntchito yothina bwino, yopanda kampata, ndipo amaiona ngati ulemu wa ntchito yawo. Apa auzeni mwaulemu kuti mpatawo ndi wofunika. Uvuni wosapuma umazima wokha pakati pa kuphika, ndipo magnetron yake sikhalitsa. Chinanso, mayikulowevu wamba wa patebulo musamulowetse m'kabati n'kutsekera chitseko. Iye amapumira m'mbali ndi kumbuyo, pamene wa m'kabati anapangidwa kuti azitulutsira mpweya kutsogolo.

2. Tsiku loyamba

Chotsani mapepala ndi mapulasitiki onse mkati. Koma pa khoma la mkati, nthawi zambiri kudzanja lamanja kapena kudenga, mudzaona kanthu kotuwa kooneka ngati katoni. Kameneko musakachotse, si kolongedzera ayi. Ndikafotokoza bwino pa nambala 7.

Pukutani mkati ndi kansalu konyowa, tsegulani mawindo, kenako yatsani convection yokha pa madigiri 200 kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, mulibe kanthu. Kudzatuluka fungo ndi kautsi pang'ono, ndi mafuta a ku fakitale akupserera. Onetsetsani kuti ndi convection. Mayikulowevu sayatsidwa mulibe kanthu, chifukwa mafunde akasowa chakudya cholowamo amabwerera ku magnetron n'kuitentha.

3. Musanaike mbale, yang'anani batani

Ichi chikhale chizolowezi cha aliyense wa m'nyumba, ana ndi wantchito yemwe. Choyamba ndi kuona kuti batani lili pati, mbale pambuyo.

Pa microwave, chitsulo ayi. Mbale za malata zija zoyera za mkombero wa buluu, mapoto, supuni yoiwalika mu ndiwo, ngakhale mbale zadothi za mzere wagolide zimene munalandira paukwati, zonsezi zimathetheka. Gwiritsani galasi lolimba, mbale zadothi zopanda zokongoletsa zachitsulo, kapena pulasitiki yolembedwa kuti ndi ya mu mayikulowevu. Mbale za melamine, zopepuka zija zosasweka zimene timapatsira ana, sizilowamo. Zigubu za majarini ndi majumbo a kumsika nazonso ayi. Mukakayika mbale, iyeseni motere: ikani mbaleyo yopanda kanthu pambali pa kapu ya madzi, yatsani mphindi imodzi. Madzi akatentha mbale ili yozizira, ndi yabwino. Mbale ikatentha, isiyeni.

Pa convection ndi pa grill zinthu zimatembenuka. Chitsulo ndiye chabwino, thireyi ya sikono ndi chitini cha keke zilowe. Pulasitiki iliyonse, ngakhale ija yolembedwa kuti ndi ya mu mayikulowevu, imasungunuka. Ndinapezapo chivindikiro cha pulasitiki chitamatirira pansi ngati phula chifukwa mayi anaphika keke, mwana n'kubwera kudzatenthetsa mpunga uvuni ukadali wamoto. Choncho mukamaliza kuphika ndi convection, dikirani uzizire musanaikemo pulasitiki.

Pa combination makina onse awiri akugwira, ndiye mbale iyenera kupirira zonse ziwiri. Galasi la mtundu wa Pyrex kapena mbale yadothi ya mu uvuni ndizo zosakayikitsa. Kachitsulo koikapo chakudya kamene kanabwera ndi uvuni kamaloledwa ngati buku lake latero, koma kasakhudze khoma, ndipo musasanjikepo chitini china chachitsulo pamwamba pake.

4. Kutenthetsa ndi kusungunula

Mafunde a mayikulowevu amalowa masentimita 2 kapena 3 okha m'chakudya. Pakati pamatentha pang'onopang'ono kuchokera kunja. N'chifukwa chake nyemba zimawira m'mbali pakati pali zii. Yalani chakudya mopyapyala, vindikirani mosatseka kwambiri, imitsani pakati pa nthawi mutakase, ndipo chikatha chisiyeni mphindi imodzi kapena ziwiri kuti kutentha kufalikire.

Mkute umatheka bwino: dulani nsima m'zidutswa, wazani madzi pang'ono, vindikirani, yatsani mphindi 2 pa mphamvu yapakati, tembenuzani. Mukaiika yosavindikira imauma ngati chikopa. Mpunga wotsala uzilowa m'firiji msanga ukangozizira, ndipo uzitenthetsedwa kamodzi kokha mpaka utuluke nthunzi paliponse.

Nyama youma ndi ayezi isungunuleni pa defrost, imene ndi mphamvu yochepa, n'kumaitembenuza. Mukaipatsa mphamvu yonse, kunja kumapsa mkati muli mwala. Ikasungunuka iphikeni nthawi yomweyo.

Dzira lachikamba musaliike, laliwisi kapena lowiritsa. Nthunzi imadzaza mkati n'kuphulika, nthawi zina lili kale m'manja. Ngakhale Percy Spencer, injiniya wa kampani ya Raytheon ku America amene anatulukira kaphikidwe aka mu 1945, dzira limene ankayesera linaphulika. Mbatata ndi mbatatesi zibooleni ndi foloko. Madzi a tiyi m'kapu yosalala amatha kupitirira powira osaoneka kuwira, kenako n'kufufuma mukaponyamo shuga, ndiye asiyeni kanthawi musanawatulutse. Mkaka wa mwana wakhanda ine ndimaletsa kotheratu, chifukwa botolo limamveka lofunda kunja pamene mkati muli malo ena ootcha pakamwa.

5. Kuphika ndi convection

Apa muli ndi uvuni wathunthu. Uyatseni uyambe watentha mpaka ulire kapena kasonyeze kuti wafika, kenako ikani chakudya. Popeza fani ikuzunguza mpweya, chepetsani madigiri 20 pa amene malangizo a keke anena. Akati 200, inu ikani 180, ndipo yambani kuyang'ana nthawi isanakwane. Chigumu chimapsa bwino pa 170 kapena 180, sikono pa 200. Ikani chitini pa kachitsulo kafupi kuti mpweya udutse pansi, apo ayi pamwamba padzapsa pansi pali phala. Musatsegule chitseko pafupipafupi, chifukwa bokosili ndi laling'ono ndipo kutentha kumathawa msanga.

Za mayunitsi, popeza ambiri amafunsa: yunitsi imodzi ndi mawati 1000 kwa ola limodzi. Kutenthetsa mbale ya ndiwo kwa mphindi 3 sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a yunitsi. Kuphika ndi convection kwa ola kumatha kudya yunitsi imodzi kapena ziwiri. Komabe pa chitini chimodzi cha keke, uvuni waung'onowu umadya pang'ono kuposa uvuni waukulu wa kuka.

6. Combination, batani limene ambiri amaliopa

Ndimamva chisoni ndikapeza munthu analipira ndalama zambiri koma batanili sanalikhudzepo. Mayikulowevu amapsetsa msanga koma safiiritsa, convection imafiiritsa koma imachedwa. Pamodzi, nkhuku yathunthu imapsa msanga khungu lili lofiirira bwino. Ikani mayikulowevu pa mphamvu yochepa, convection pa 180 kapena 200, nkhuku m'mbale yagalasi yakuya, ndipo muitembenuze pakati pa nthawi. Poona ngati yapsa, bayani pa ntchafu pafupi ndi fupa. Madzi atuluke oyera, opanda magazi. Ngati muli ndi choyezera kutentha, chifike madigiri 75. Chambo chimakoma pa grill ndi mayikulowevu wochepa, koma keke ndi buledi zisiyireni convection yokha.

Mbale yakuya ija ndainena dala. Nkhuku ndi nyama ya nkhumba zimathovola mafuta, ndipo mafutawo ndiwo atifikitsa pa nkhani imene ndalembera zonsezi.

7. Kakatoni ka pakhoma: apa ndiye pagona nkhani

Kanthu kotuwa kaja kamapangidwa ndi mwala wopyapyala wotchedwa mica, ndipo m'masitolo a zipangizo amakatcha waveguide cover. Kuseri kwake kuli kangalande kamene mafunde amadzera kuchokera ku magnetron. Ntchito yake ndi kulola mafunde kudutsa uku kakutchinga mafuta ndi nthunzi kuti zisalowe kumakina.

Mu mayikulowevu wamba, mafuta akagwerapo amakhala ofewa, mumangopukuta. Mu uvuni wathuwu zimasiyana. Mwaotcha nkhuku Lamlungu, mafuta athovokera pa mica. Lachiwiri mwaphika sikono pa madigiri 200, mafuta aja apserera n'kuuma. Mukabwereza kangapo amasanduka makala, ndipo makala amakoka mafunde. Tsiku lina m'mawa mukutenthetsa phala, mwangomva thethethe, kuwala ngati mphezi pakhoma, fungo la chinthu chopserera. Simunaikemo supuni, ndiye mukudabwa. Ndi makala aja akuyaka pamalo pamene mafunde ali amphamvu kuposa pena paliponse. Mukapitiriza kuugwiritsa ntchito, mica imabooka, moto umalowa m'kangalande, utoto wa khoma umapsa, mapeto ake magnetron imafa. Kanthu kotchipa kwambiri mu uvuni monse kamapha chipangizo chodula kwambiri.

Chochita chake ndi ichi. Tsiku lililonse limene mwaotcha chamafuta, dikirani uvuni ufunde, osati uzizire mpaka mawa, muzime pa soketi. Tengani kansalu kofewa, kanyowetseni m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, kafinyeni mpaka kasadonthe. Pukutani mica mopepuka, osakanikiza, chifukwa imasweka ngati chikamba cha dzira ndipo ikamwa madzi imafufuma n'kuyamba kusendeka. Pukutaninso ndi kansalu kouma, n'kusiya chitseko chotsegula kuti muume. Sitiwulu, mpeni, mchenga ndi phulusa zimene timakwechera mapoto, apa zisayandikire. Musapoperepo mankhwala alionse.

Kamodzi pa mwezi, walitsani tochi ya foni muiyang'anitsitse. Madontho achikasu amene akuchoka mukapukuta alibe vuto. Koma mukaona banga lakuda losachoka, malo otukumuka, mng'alu kapena kabowo, lekani kugwiritsa ntchito microwave ndi combination mpaka musinthe. Kutsuka sikungathandizenso, chifukwa kupsako kwalowa mkati mwa mwalawo.

Kusintha si kovuta. Zimani magetsi. Mica imagwiridwa ndi kasikuluwu kamodzi, timapini ta pulasitiki, kapena imangolowetsedwa m'timipata. Ichotseni pang'onopang'ono. Pukutani mafuta amene ali m'mphepete mwa bowo, osalowetsa madzi kapena chala mkati. Yang'anani chitsulo chozungulira bowolo: ngati chapsa, chachita dzimbiri kapena chabooka, imani pomwepo muitane katswiri. Ngati chili bwino, pitani ndi yakaleyo kwa ogulitsa zipangizo za mafiriji ndi makuka. Mukapanda kupeza ya mtundu wanu, amagulitsa mica yaikulu yodula nokha. Gonekani yakale pamwamba pa yatsopano, jambulani ndi pensulo, dulani ndi kampeni kakuthwa, salazani m'mphepete, ndipo fufutani mzere wonse wa pensulo chifukwa nawonso umakoka moto. Ikani, kenako yesani ndi kapu ya madzi kwa mphindi imodzi.

Ndikupemphani ndithu, musaikepo katoni, pulasitiki kapena pepala la aluminiyamu m'malo mwake, ndipo musayatse uvuni malowo ali pululu. Ndinaonapo nyumba ina ataikapo chidutswa cha katoni ya sopo chifukwa chinkafanana mtundu. Mwamwayi mayi wa m'nyumbamo anali chiimire pomwepo pamene chinayaka.

8. Kutsuka kwina konse

Mafuta akauma m'makoma, finyirani ndimu m'mbale yagalasi ya madzi, ponyanimo makoko ake, yatsani microwave mphindi 4 kapena 5, n'kusiya chitseko chotseka mphindi zina 5. Nthunzi imafewetsa litsiro ndipo fungo la usipa limachoka. Pouma kwambiri pakani phala la soda, yemweyu wa therere, losakaniza ndi madzi pang'ono, lisiyeni kanthawi, pukutani. Phalali lisafike pa mica kapena m'timabowo ta fani. Mankhwala amphamvu opopera mu uvuni waukulu amadya utoto wa mkati, ndipo khoma likasendeka limayamba dzimbiri, dzimbirilo n'kuyamba kuthetheka.

Musaiwale kudenga, kuseri kwa waya wa grill, kumene diso silifika. Mbale yagalasi yozungulira ichotseni muitsuke, koma isalowe m'madzi ozizira ikadali yamoto, imasweka. Tsukaninso kamkombero ka timatayala ka pansi pake. Phokoso la gudugudu limene anthu amandiitanira kawirikawiri limakhala njere ya mpunga youma pansi pa katayala.

Chitseko ndicho chimatchinga mafunde. Kasefa kachitsulo ka pagalasi kali ndi timabowo tating'ono kwambiri poyerekeza ndi mafunde, amene ndi aatali masentimita pafupifupi 12, ndiye satha kutuluka. Pukutani m'mphepete mwa chitseko ndi pamene chimagunda kuti chizitsekeka bwino. Ngati chanu chimatsegukira pansi, musakhazikepo poto wolemera, ndipo ana asachiyedzamire.

Mphemvu zimakonda kufunda kwa kuseri kwa mabatani, ndipo zimawononga kabolodi ka magetsi. Nyenyeswa zisagone mkati, ndipo mankhwala a mphemvu ikani m'kabati ya pambali, osapopera mu uvuni. Timipata totulukira mpweya kutsogolo tichotseni fumbi ndi kabulashi kouma, makamaka m'miyezi ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala.

9. Musanaimbe foni

Fani ikapitiriza kulira mutamaliza kuphika, si vuto. Ikuziziritsa makina, ndiye musazime pa soketi mpaka ileke yokha. Magetsi akazima muli pakati pa kuphika ndi convection, faniyo imaima, choncho tulutsani chakudya n'kusiya chitseko chotsegula kuti kutentha kutuluke.

Mabatani akakana kugwira ndipo pakuoneka kachizindikiro ka kiyi, ndi loko wa ana. Nthawi zambiri amamasuka mukadina batani loimitsira kwa masekondi angapo. Nyale ikamayaka, mbale ikuzungulira, nthawi ikuwerenga koma chakudya chili chozizira, onani m'buku ngati uvuni suli pa demo, imene ndi njira yoonetsera m'sitolo. Mitundu inanso siyamba kugwira magetsi akabwera mpaka mutakonza wotchi yake. Buku likasowa, lembani pa intaneti nambala ya mtundu wa uvuni imene ili pa kachikwangwani kaja, ambiri amapezeka.

Koma izi zikachitika, zimani pa soketi muitane katswiri: chitseko chapindika kapena galasi lasweka, uvuni ukugwira chitseko chili chotsegula, ukukugwirani magetsi mukaukhudza, ukulira mokweza mwachilendo osatenthetsa, ukugwetsa magetsi a nyumba yonse, kapena ukuthethekabe mutasintha mica. Chivindikiro chakunja musachitsegule, ngakhale mutakhala kuti mumakonza nokha wailesi ndi ayironi. Mkatimo muli capacitor imene imagwira ntchito pa mavoti oposa 2000, ndipo imatha kusunga magetsiwo pulagi itazulidwa kale. Imapha. Ngakhale babu la nyale, pa mitundu yambiri limasinthidwira kuseri komweko, ndiye nalonso musiyireni wodziwa.

Chakudya chikayaka mkati, musatsegule chitseko. Dinani batani loimitsa, zimani pa soketi kapena pa bokosi la magetsi, ndipo chitseko chikhale chotseka mpaka moto uzime wokha posowa mpweya. Pambuyo pake, musanauyatsenso, muyang'ane mica.